Kafukufuku wa Umoyo wa Anthu a Transgender Akavuta: Zizindikiro, Zoyambitsa ndi Kakonzedwe Kake

Dandaulo la ochita kafukufuku wa zaumoyo limabwera lomwelomwelo: mayankho tatolera, koma ziwerengero za anthu a transgender sizikumveka. Wina wapeza anthu asanu okha pa anthu 2,000. Wina wapeza ochuluka modabwitsa pakati pa agogo a kumudzi. Wina makuponi oitanira anthu ku kafukufuku anapita osabwerera. Ambiri amathamangira kukayikira kompyuta kapena masamu, pamene vuto limakhala pakhomo polowera: analowa m'kafukufukuyo ndani, analowa bwanji, ndipo anafunsidwa motani. Wogula chimanga wodziwa ntchito yake sakhutira ndi chapamwamba pa thumba, amapisa dzanja mpaka pansi. Kusankha anthu ofunsidwa kumafuna mtima womwewo, ndipo mukalakwitsa pamenepa, palibe masamu amene angakubwezereni anthu omwe simunawafikire.

Tiyambe tamvana mawu. Anthu a transgender ndi omwe amadzizindikira kuti ndi amuna, akazi, kapena sali mbali iliyonse mwa ziwirizi, mosiyana ndi zomwe analembedwa pobadwa. Mayi wa trans analembedwa kuti ndi mwamuna pobadwa koma amadzidziwa kuti ndi mkazi. Bambo wa trans analembedwa kuti ndi mkazi koma amadzidziwa kuti ndi mwamuna. Mawu achipongwe a mumsewu asapezeke pa pepala la mafunso kapena pakamwa pa wofunsa.

Nkhaniyi ndi ya miyoyo ya anthu. Mu 2013, Stefan Baral ndi anzake ataphatikiza zotsatira za m'mayiko 15 anapeza kuti amayi a trans 19 pa 100 alionse anali ndi kachirombo ka HIV. Ziwerengero zotere ndi zomwe zimatsogolera komwe PrEP (mankhwala oteteza ku HIV), ma ARV ndi aphungu apite. Zikalakwika, thandizo limalowera kwina.

## Mwafunsa anthu ambiri koma a trans mwapezamo ochepa kwambiri

1. Sampulo, kutanthauza anthu omwe mwasankha kuwafunsa, yachepa poyerekeza ndi kuchepa kwa gululi. Ichi ndiye chofala kuposa zonse, ndipo si kulakwitsa kwa ofunsa mafunso. Kalembera wa dziko la Canada wa 2021 anapeza anthu 100,815 a zaka 15 kupita m'tsogolo omwe ndi a transgender kapena osakhala mbali iliyonse. Ameneyo ndi munthu mmodzi pa anthu 300. Pa mlingo umenewu, mukafunsa anthu 3,000 osankhidwa mwamaere muyembekezere anthu khumi okha. Ndi anthu khumi simunganene kanthu za BP, shuga kapena matenda a nkhawa. Ku America, kafukufuku wa TransPop anagwiritsa ntchito kampani ya Gallup kusefa anthu miyandamiyanda pakati pa 2016 ndi 2018, ndipo anathera pa anthu a trans 274.
- Onani: chulukitsani kukula kwa sampulo yanu ndi 0.003 komanso ndi 0.006. Ngati omwe mwapeza ali pakati pa manambala awiriwa, palibe chasokonekera.
- Konzani: phatikizani mayankho a zaka zingapo, monga amachitira ndi kafukufuku wa palamya wa BRFSS amene anayamba kufunsa funsoli m'zigawo zina za America mu 2014. Apo ayi, pangani kafukufuku wapadera wa gululi.

2. Munthu mmodzi akuyankhira nyumba yonse. Mutu wa banja amanena zomwe akudziwa, kapena zomwe akufuna kuti anthu adziwe. Kalembera wa ku Pakistan wa 2017 analemba anthu a transgender 10,418 okha m'dziko la anthu oposa 200 miliyoni, ndipo magulu a eni akewo anachikana chiwerengerocho. Funso ili aliyense adziyankhire yekha.

3. Mantha. Mafunso akufunsidwa pakhonde, apongozi ali pamphasa pomwepo, ana a oyandikana nawo akusuzumira. Palibe angaulule pamalo otere.
- Onani: funsani ofunsa mafunso kuti pa gawo limeneli panali ndani pafupi. Pepala lanu lizikhala ndi malo olembapo zimenezi.
- Konzani: woyankha apatsidwe tabuleti ndi mahedifoni, amve funso n'kudina yekha yankho.

4. Wofunsa akungodzilembera poona nkhope kapena pomva mawu. Amachita manyazi kufunsa munthu wandevu ngati ali mwamuna. BRFSS yomwe ija inali ndi vutoli pa zaka zoyambirira: ofunsa palamya ankaweruza ndi kamvekedwe ka mawu, ndipo anthu ena a trans sanafunsidwe mafunso okhudza ziwalo zomwe ali nazo, monga a kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Aphunzitseni ofunsa kuyamba ndi mawu akuti, "Funso ili timafunsa wina aliyense."

## A trans achuluka modabwitsa, kapena akupezeka m'magulu osayembekezereka

Apa ndichedwapo, chifukwa vutoli limabisala bwino ndipo limawononga kwambiri.

Tengani anthu 10,000 momwe a trans enieni alipo 50. Ngati mwa otsala 9,950 munthu mmodzi pa 200 alionse wayankha molakwitsa, mwawonjezera anthu ena pafupifupi 50. Theka la gulu lomwe mukulitcha la trans si a trans konse. Zotsatira za umoyo wawo zimasakanikirana ndi za anthu ena onse, kusiyana kwenikweni n'kuoneka ngati kwachepa. Kapenanso mumayamba kunena kuti anthu a trans ambiri ndi osapita kusukulu, pamene zoona n'zakuti osapita kusukuluwo ndiwo sanalimve funso.

1. Funso silinamveke. Kalembera wa England ndi Wales wa 2021 anafunsa funso limodzi lalitali, lofuna kudziwa ngati mmene munthu amadzizindikirira n'chimodzimodzi ndi zomwe analembedwa pobadwa. Anthu 262,000, theka la peresenti imodzi, anayankha kuti ayi. Koma poyang'anitsitsa zinaoneka kuti omwe Chingerezi sachidziwa bwino ndiwo ankayankha kwambiri kuti ayi, ndipo madera a mu London okhala anthu ambiri obwera monga Newham ndi Brent ndiwo anatsogola. Mu September 2024 bungwe loyang'anira ziwerengero za boma kumeneko linachotsa chidindo chake chovomereza pa ziwerengerozi. Ngati zinachitika m'dziko lokhala ndi akatswiri ndi ndalama zochuluka chonchija, kuli bwanji pepala lomasuliridwa m'Chichewa usiku umodzi?

Kwathu kuno msampha uli pa liwu lakuti jenda. Anthu amalidziwa ngati nkhani ya kusasiyanitsa amuna ndi akazi pa ntchito ndi pa maudindo. Mukafunsa munthu kuti jenda yake ndi yotani, ena amaganiza kuti mukufunsa ngati amagwirizana ndi zoti amayi azikhala pa mipando.
- Onani: gawani omwe ayankha kuti ndi a trans potengera zaka, maphunziro ndi chinenero. Kwina konse kumene anawerenga bwino, achinyamata ndiwo amachuluka. Ngati kwa inu akuchuluka ndi okalamba ndi osadziwa kuwerenga, funso ndilo lalakwika.
- Konzani: gwiritsani ntchito mafunso awiri aafupi m'malo mwa limodzi. Njirayi inalimbikitsidwa ndi gulu la GenIUSS la ku Williams Institute mu 2014, ndipo National Academies ya ku America inaivomerezanso mu 2022. M'Chichewa mukhoza kuyamba ndi awa. Loyamba: "Pamene munabadwa, anakulembani kuti ndinu mwamuna kapena mkazi?" Lachiwiri: "Nanga panopa, inu eni ake mumadzizindikira kuti ndinu mwamuna, mkazi, kapena mwanjira ina?"
- Mayankho awiriwa akasiyana, pabwere funso lotsimikiza: "Ndibwereze kuti ndione ngati ndamva bwino. Pobadwa anakulembani kuti ndinu mwamuna, ndipo panopa mumadzizindikira kuti ndinu mkazi. Ndi choncho?" Kafunso aka kamachotsa zolakwika zambiri.

Mawu ndaperekawa musawatenge ngati omaliza. Khalani pansi ndi anthu khumi kapena khumi ndi asanu, a trans ndi omwe si a trans, a m'tauni ndi a kumudzi, muwawerengere funso n'kuwapempha alibwereze m'mawu awoawo. Safunsa anadya phula. Chinyanja cha ku Lusaka, Chichewa cha ku Dedza ndi cha ku Tete sizimvetsa liwu limodzi mofanana.

2. Chala chaterereka pa tabuleti. Onani ngati zolakwikazo zikuchokera kwa wofunsa mmodzi kapena awiri. Funso lotsimikiza lija limathetsanso izi.

3. Oyankha mwachibwana. Zimachitika kwambiri m'masukulu. Wachinyamata amadina chilichonse chachilendo: ndi wa trans, ndi wakhungu, ali ndi ana asanu, amamwa mankhwala onse ozunguza bongo. Joseph Robinson-Cimpian analemba za vutoli mu 2014. Werengani zotsatira kawiri, koyamba muli onse, kachiwiri mutachotsa omwe ali ndi mayankho osatheka angapo, ndipo munene zonse ziwiri mu lipoti.

4. Manambala asemphana pophatikiza mafayilo. Fayilo ina 1 ndi mwamuna, ina 1 ndi mkazi. Sizichitikachitika, koma zikachitika dera lathunthu limaoneka ngati la trans.

## Makuponi a RDS akupita osabwerera

RDS (respondent-driven sampling) ndi njira yopezera anthu ofunsidwa kudzera mwa anzawo, imene Douglas Heckathorn anaifotokoza mu 1997 atagwira ntchito ndi anthu odzibaya mankhwala ozunguza bongo ku Connecticut. Mumayamba ndi anthu ochepa, omwe pa ntchito timawatcha ma seed. Aliyense akayankha mafunso amapatsidwa makuponi, kawirikawiri atatu, oti akapatse anzake. Anzakewo akabwera amalandiranso awo, unyolo n'kumatalika. Unyolo ukaduka pa gulu lachiwiri kapena lachitatu, yang'anani izi motsatana.

1. Malo ochitira kafukufuku sakupereka mtendere. Pageti pali mlonda wofunsa zambiri, nyumbayo ikudziwika kale m'dera, kapena mumatsegula m'mawa okhaokha pamene ambiri amamasuka madzulo. Munthu wa trans amene amachitidwa chipongwe m'minibasi sangakwere ziwiri kuti akupezeni. Funsani ma seed, asankhe nawo malo ndi nthawi.
2. Mbiri yoipa yafalikira. Oyamba kubwera anaitanidwa mokweza ndi dzina la pa chiphaso, anatchulidwa kuti abambo pomwe ndi amayi, kapena anadikira maola anayi. Nkhani zotere zimayenda msanga kuposa makuponi. Pa tebulo lolandirira alendo pakhale munthu wa trans wolembedwa ntchito ndi kulipidwa ngati wina aliyense, ndipo aliyense afunsidwe dzina lomwe akufuna kuitanidwa nalo.
3. Ma seed anasankhidwa chifukwa chodziwika ku bungwe. Wodziwa kuyankhula pamsonkhano si nthawi zonse amakhala ndi anzake ambiri m'makwalala. Onjezani ma seed atsopano ochokera m'magulu ena, ndipo lembani tsiku ndi chifukwa chake.
4. Kuponi ikuulula. Ngati palembedwa mawu akuti transgender kapena HIV, palibe angaisunge m'thumba. Pakhale nambala, lamya ndi nthawi basi.
5. Ndalama ya thiransipoti siikukwana. Mitengo ya minibasi ndi kabaza ikasintha, pemphani komiti yovomereza kafukufuku kuti musinthe. Musakweze mwa inu nokha.
6. Anthuwo sadziwana kwenikweni. RDS imadalira kuti gululo ndi lolumikizana. Abambo a trans ndi anthu a kumidzi nthawi zambiri amakhala omwazikana. Kafukufuku wa Trans PULSE ku Ontario anafikira anthu 433 mu 2009 ndi 2010 polola anthu kuyankha pa intaneti kapena pa pepala, osati kubwera pamalo amodzi. Ngati ngakhale zimenezi zakanika, vomerezani kuti RDS siikugwira pano ndipo lipoti lisanamizire kuti likuimira onse.

Musathamangire kuonjezera makuponi kufika pa asanu kapena asanu ndi limodzi. Mudzadzaza sampulo msanga ndi anzawo a ma seed okhaokha. Unyolo wautali wowonda umaposa waufupi wonenepa, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

## Unyolo ukuyenda, koma ukungozungulira m'gulu limodzi

Mwafika pa anthu 300, koma pafupifupi onse ndi a zaka zosapitirira 25, a dera limodzi, kapena ochita ntchito yogonana ndi anthu kuti apeze ndalama. Chizindikiro china n'chakuti chiwerengero cha HIV cha unyolo wa seed mmodzi chikusiyana kutali ndi cha seed wina.

1. Anthu amaitana ofanana nawo. Jambulani mtengo wa unyolo wonse sabata iliyonse, osadikira kumapeto. Pulogalamu ya kompyuta ya RDS Analyst imajambula zithunzi ziwiri zofunika: choonetsa ngati chiwerengero chakhazikika pamene anthu akuonjezekera, ndi choonetsa unyolo wa seed aliyense paokha. Krista Gile, Lisa Johnston ndi Matthew Salganik anafotokoza kagwiritsidwe ntchito kake mu 2015. Mizere ya ma seed pa chithunzi chachiwiricho ikapanda kukumana, ndiye kuti muli ndi magulu awiri osalumikizana. Nenani zotsatira za gulu lililonse palokha.

2. Funso la kuchuluka kwa anzawo linafunsidwa mosasamala. Masamu a RDS amapereka mphamvu yochuluka kwa munthu wodziwa anzake ochepa, poti mwayi wake wopezeka unali wochepa. Ndiye wina akayankha kuti amadziwa mmodzi yekha pomwe wabweretsa atatu, yankho lake limakoka zotsatira zonse. Funsani pang'onopang'ono: ndi anthu a trans angati omwe mumawadziwa nawonso amakudziwani, mwa amenewo okhala mumzinda uno ndi angati, a zaka 18 kupita m'tsogolo ndi angati, ndipo mwaonana ndi angati m'masabata awiri apitawa. Palibe ayenera kulembedwa 0, chifukwa amene anamupatsa kuponi amamudziwa.

3. Makuponi akugawidwa kwa anthu osawadziwa, pa depoti kapena pa bala, kuti wogawayo alandire kangachepe. Aliyense afunsidwe ubale wake ndi amene anamupatsa kuponi.

4. Sampulo inawerengedwa ngati ya maere wamba. Anthu 300 a RDS sakupatsani chitsimikizo chofanana ndi anthu 300 osankhidwa mwamaere. Mu 2006 Salganik analangiza kuchulukitsa sampulo kawiri, koma mu 2010 iye ndi Sharad Goel anaonetsa kuti nthawi zambiri kawiri sikakwana.

## Amayi a trans asowa m'kati mwa amuna ogonana ndi amuna anzawo

Ili ndi vuto lathu lenileni kuno ku Africa. Kwa zaka zambiri kafukufuku wa HIV ankalemba aliyense wobadwa mwamuna amene amagonana ndi amuna m'gulu limodzi. Mu 2017 Tonia Poteat ndi anzake anabwerera ku mayankho a m'mayiko asanu ndi atatu, Malawi ali momwemo pamodzi ndi Lesotho, Swaziland (tsopano Eswatini), Senegal, Togo, Burkina Faso, Gambia ndi Côte d'Ivoire. Pa anthu 4,586 anapeza kuti 937, mmodzi pa asanu alionse, anali amayi a trans. Mwa iwo 25 pa 100 anali ndi HIV, pomwe mwa amuna aja anali 14 pa 100. Kuwaphatikiza kunabisa kukula kwa vuto la amayiwa, n'kukwezanso chiwerengero cha amunawo.

- Choyambitsa chachikulu: pepala lilibe mafunso awiri aja. Aikeni ngakhale kafukufukuyo sali wa anthu a trans.
- Chachiwiri: ma seed onse ndi amuna. Kuwerenga amayi a trans omwe angopezeka mu unyolo wa amuna kumakupatsani okhawo ocheza ndi amunawo.
- Chachitatu: lamulo la oyenera kulowa likufuna kuti munthu akhale atagonana posachedwa. Amene sanagonane atsala kunja, ndipo chiwerengero cha matenda opatsirana chikwera.

Abambo a trans ndi osakhala mbali iliyonse amasowa kotheratu, poti ndalama zambiri zimabwera ndi dzina la HIV. Zimandipweteka kuona lipoti lolembedwa kuti ndi la umoyo wa anthu a transgender m'kati mulibe bambo wa trans ngakhale mmodzi. Ngati munafunsa amayi okhaokha, mutu wa lipoti unene zomwezo.

## Chiwerengero cha matenda chakwera kwambiri, kapena chikusemphana ndi cha anzanu

Musafulumire kuchikana. Kusiyana pa umoyo kulipodi ndipo n'kwakukulu. Koma onani izi.

1. Anthu munawapeza kuchipatala kapena ku bungwe lothandiza. Opita kumeneko ndi omwe ali kale ndi vuto, kapena omwe ali ndi mwayi wofikako. Zolemba za m'chipatala nazonso zimangoonetsa omwe adokotala anawalemba, ndipo kalembedweko kanasintha: ICD-11, ndandanda ya matenda ya WHO yomwe inayamba kugwira ntchito mu January 2022, inachotsa nkhaniyi m'gulu la matenda a m'maganizo. Pophatikiza zaka, onani kuti munatsata kalembedwe kati.

2. Mukuyerekeza magulu osankhidwa m'njira zosiyana. U.S. Transgender Survey ya 2015 inafunsa anthu 27,715 pa intaneti, ndipo 39 pa 100 anali ndi kuvutika kwakukulu m'maganizo mwezi umenewo, pomwe mwa anthu onse a dzikolo ndi 5 pa 100. Kusiyanaku n'koona ndipo kafukufukuyu ndi wamtengo wapatali, koma oyankhawo anabwera okha atamva uthenga. Kukula kwa sampulo sikusintha zimenezo, ngakhale ya 2022 yomwe inafika pa anthu 92,329. Lipoti lanu linene poyera kuti magulu awiriwo anapezeka mosiyana.

3. Zaka sizinalinganizidwe. Ku Canada, 62 pa 100 ya anthu 100,815 aja anali osafika zaka 35. Gulu lachinyamata chonchi lidzaoneka ngati lili ndi shuga ndi BP yochepa, ndi nkhawa yochuluka, chifukwa cha msinkhu chabe. Yerekezani anthu a misinkhu yofanana.

4. Chiwerengero cha mzinda umodzi chasanduka cha dziko lonse. Kafukufuku wa Botshelo Ba Trans wa bungwe la HSRC ku South Africa, wa 2018 ndi 2019, anapeza HIV mwa amayi a trans pafupifupi 63 pa 100 ku Johannesburg, koma pafupifupi 46 pa 100 ku Cape Town ndi ku Buffalo City. Ku America, CDC, nthambi ya boma yolimbana ndi matenda, inapeza 42 pa 100 mwa amayi 1,608 a m'mizinda isanu ndi iwiri mu 2019 ndi 2020, pomwe kuphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana wa dzikolo mu 2019 kunapereka 14 pa 100. Zomwe mwapeza ku Blantyre ndi za ku Blantyre.

## Mayankho a pa intaneti asefukira usiku umodzi

Mwagona muli ndi 40, mwadzuka muli ndi 900. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Imitsani kaye fomuyo.

1. Linki yoonetsa kuti pali mayunitsi kapena ndalama yafika pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, ndipo anthu ndi mapulogalamu a kompyuta akuidzaza kuti alandire.
2. Munthu mmodzi akuyankha kambirimbiri ndi manambala a foni osiyana.
3. Odana ndi kafukufukuyo akuwononga dala.

Onani nthawi yomwe aliyense watenga, mayankho olembedwa mofanana liwu ndi liwu, ndi zaka zosagwirizana ndi chaka chobadwa. Potsegulanso, linki ya pagulu ingokhala yosefera, ndipo wodutsa apatsidwe linki yakeyake yogwira kamodzi. Malamulo ochotsera mayankho alembedwe musanaone zotsatira za umoyo, kuopa kuchotsa okhawo omwe sakukusangalatsani. Samalaninso ndi anthu angapo oyankha pa foni imodzi: kwathu kuno kubwerekana foni si chinyengo.

Ngakhale zonse zitayera, kafukufuku wa pa intaneti amasiya kunja opanda foni yamakono, opanda bandulo ndi osadziwa kuwerenga, omwe nthawi zambiri ndiwo ovutikitsitsa.

## Pamene muyenera kuima n'kuitana odziwa

Imitsani ntchito yonse tsiku lomwelo ngati:
- apolisi, mwini nyumba kapena anthu a m'dera ayamba kufunsa za obwera pamalopo;
- tabuleti, foni kapena buku la makuponi lasowa;
- woyankha wina waululidwa, wamenyedwa kapena wathamangitsidwa panyumba chifukwa cholowa nawo;
- mwamva kuti wina akukakamiza anzake kubwera kapena akugulitsa makuponi.

Ku Malawi magawo 153 ndi 156 a malamulo a milandu (Penal Code), omwe amagwiritsidwa ntchito poletsa kugonana kwa amuna okhaokha, akugwirabe ntchito, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kuwathetsa. Magawowa satchula anthu a trans, koma amayi a trans amazengedwa nawo milandu. Ku Zambia malamulo otere aliponso, pomwe Mozambique inawachotsa mu 2015. Buku la makuponi a RDS limaonetsa amene amadziwana ndi amene, choncho likagwa m'manja olakwika limapereka gulu lonse. Musasunge mayina, zithunzi kapena malo enieni a nyumba za anthu. Zoterezi zikachitika dziwitsani komiti yomwe inavomereza kafukufukuyo, kaya ndi NHSRC kapena COMREC, itanani loya wodziwa za ufulu wa anthu, ndipo atsogoleri a gulu la anthu a trans akhale nawo pa chiganizo chotsegulanso.

Siyani mafunso n'kuitana phungu kapena dokotala ngati:
- woyankha wanena kuti akuganiza zodzipha. Musamusiye yekha, ndipo musapitirize pepala;
- waulula kuti wagwiriridwa posachedwa. Mankhwala a PEP, oteteza ku HIV zoterezi zikachitika, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72;
- akumwa kapena kudzibaya mahomoni ogula mwamseri ndipo akudandaula za kupweteka pachifuwa, kubanika kapena kutupa mwendo umodzi. Ameneyo apite kuchipatala nthawi yomweyo;
- mwazindikira kuti sanafike zaka 18 pomwe chilolezo chanu ndi cha akuluakulu okha.

Phungu ndi chipatala cholandira anthu a trans mwaulemu zipezeke musanafunse munthu woyamba.

Itanani katswiri wa ziwerengero ngati:
- mizere ya ma seed siikukumana ngakhale unyolo watalika;
- njira zosiyana zowerengera RDS, monga ya Volz ndi Heckathorn ya 2008 ndi ya Gile ya 2011, zikupereka mayankho otalikirana;
- mukufuna kuphatikiza mizinda ingapo, kapena sampulo ya pa intaneti ndi ya maere;
- mwapemphedwa kunena kuti anthu a trans alipo angati m'boma kapena m'dziko. Imeneyo ndi ntchito ina yokhala ndi njira zakezake, zomwe zili m'buku la malangizo la WHO, CDC, UNAIDS ndi FHI 360 la 2017;
- tebulo lomwe mukufuna kusindikiza lili ndi kabokosi ka anthu osafika khumi. M'boma laling'ono, kulemba kuti mayi wa trans wa zaka za m'ma 30, mphunzitsi, ali ndi HIV n'chimodzimodzi kutchula dzina lake. Phatikizani maboma kapena misinkhu mpaka munthu asadziwike, ndipo tebulolo alione kaye anthu a trans a m'gulu lanu lisanatuluke.